Chimbudzi chilipo pakhomo, nanga khanda likutseguliranji m'mimba?

Nangozo, Ulónguè:
Moni nonse, makamaka azaumoyo, kuphatikizapo a APE amene ndi azaumoyo a m'midzi, ndi amisiri. Midzi yambiri kuno ku Angónia ndi ku Tsangano inalandira SANTOLIC, ndondomeko ya zimbudzi ndi ukhondo yotsogozedwa ndi anthu a m'mudzi, ina mpaka inatchedwa LIFECA, kutanthauza kuti kutchire anthu anasiya. Koma mvula ikangogwa mu Disembala, amayi obereka ana otsegula m'mimba amadzazabe pa centro de saúde. Kodi chikuphonyeka n'chiyani? Tiuzane zenizeni zoti mayi wa kumudzi angachite ndi zomwe ali nazo.

A Gama, APE, Dómuè:
Amayi, chimbudzi chimakumbidwa ndi akulu ndipo amalowamo ndi akulu. Khanda la miyezi 8 silidziwa n'komwe kuti chilipo. Ilo limakhala pansi pabwalo, m'manja mwa amake, pa bere, pa kapu ndi supuni. Chilichonse chimene latola chimapita kukamwa. Ndiye tikafuna kuliteteza tiyambe kuyang'ana bwalo titagwada, pa msinkhu wake. Tiona zitosi za nkhuku pakhonde, thewera la dzulo mu beseni, phala la m'mawa losavindikira, ndowa ya madzi imene aliyense amaviikamo chikho. Chimbudzi chimatseka njira imodzi yokha, zinazi zimakhala zotsegula.

Anamwino Naphiri, Furancungo:
Ndiyambire pa manyi a mwana, pepani potchula. Agogo ambiri amati a khanda alibe vuto chifukwa limangoyamwa. Si choncho. Ana ndi amene amadwala m'mimba kawirikawiri, ndiye tizilombo timachuluka kwambiri mu chimbudzi chawo. Chinanso, cha mwana chimagwera pafupi, pakhonde kapena pamphasa, pamene cha wamkulu chimakhala kutali.

Thewera lichitidwe motere. Kankhirani manyi onse m'dzenje la chimbudzi ndi kamtengo kapena tsamba, kamtengoko kaponyedwenso momwemo. Tsukuluzani thewera mu beseni lakelake, limene silitsukidwiramo mbale kapena kusambitsiramo mwana. Madzi oyamba aja akathiridwe m'chimbudzi, osati kuseri kwa khitchini. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: manyi ataya bwino, koma madzi ochapira amwaza pabwalo pomwe mwana adzakwawe masana. Kenako chapani ndi sopo, yanikani pa chingwe padzuwa, osati pansi kapena pa udzu. Kapulana yoberekera ikadetsedwa ichitidwe chimodzimodzi.

Mwana woyenda akachita pabwalo, tengani khasu, mukumbe pamodzi ndi dothi lapansi pake, zonse zipite m'dzenje. Musaitane galu.

Nankhoma, Tsangano:
Nanga ku dimba, achemwali? Nyengo ya mbatatesi amayi amatandala kumeneko tsiku lonse ndi mwana, ndipo kulibe chimbudzi.

Anamwino Naphiri, Furancungo:
Kumbani kadzenje ndi khasu, kuya ngati chikhatho ndi theka, kwirirani bwino. Pakhale kumtunda, kutali ndi chitsime cha m'dimba ndi ngalande yothirira. Thewera likulungidwe mu pepala la pulasitiki mukachape kunyumba. Kuchapira m'chitsime cha m'dimba n'kuipitsa madzi amene anthu omwewo amamwa dzuwa likatentha.

A Jere, mmisiri, Zóbuè:
Ine ndilowe pa chimbudzi chenichenicho, chifukwa zambiri zimene timawerenga kuti zilipo zimagwa mu Febuluwale, banja n'kubwerera kutchire mpaka mvula itatha. Zimagwa pa zifukwa zitatu: dzenje la makona anayi m'dothi losalimba, mitengo yodyedwa ndi chiswe, ndi madzi a mvula olowera m'mbali.

Kumbani dzenje lozungulira, silikumuka msanga ngati la makona. M'lifupi mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, kuya mamita 3 ngati nthaka ikulola. Koma pansi pa dzenje pasafike pa madzi. Pakhale mita imodzi ndi theka kapena awiri pamwamba pa pamene madzi apansi amafika nthawi ya dzinja, osati ya chilimwe. Kufupi ndi dambo ndi bwino kukumba lalifupi n'kukweza pamwamba ndi njerwa ndi dothi. Likhale mamita 30 kapena kuposa kuchokera pa chitsime kapena mjigo, ndiponso kumunsi kwake.

Theka la mita lapamwamba ndi limene limakumuka, ndiye limangeni ndi njerwa zootcha. Dothi likakhala lamchenga mangani mpaka pansi, koma musiye timipata pakati pa njerwa zam'munsi kuti madzi azilowa m'nthaka. Wopanda njerwa aluke nsungwi ngati nkhokwe n'kuitsitsira m'dzenjemo. Dothi lotuluka m'dzenje musataye, unjikani mozungulira kuti chimbudzi chikhale pa kachulu, ndipo kumbani kangalande kumtunda kwake. Denga ndilofunika ngakhale la udzu. Chimbudzi chopanda denga chimamwa mvula yonse.

A Jere, mmisiri, Zóbuè:
Ndaiwala za pamwamba. Laje, ndiye kuti simenti youmba yovindikira dzenje, yozungulira yotukuka pakati ija, ya mita imodzi ndi theka yopanda zitsulo, inayambira konkuno ku Mozambique, ku Maputo. Ndi yabwino chifukwa imatsukika ndipo dzenje likadzadza mumaigubuduza kupita pa latsopano. Amene sangakwanitse aumbe kakang'ono ka masentimita 60 mbali zonse, n'kukakhazika pa mitengo ndi dothi. Simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa. Mukaumba, phimbani ndi masaka kapena mchenga ndipo muzithirira masiku 7. Amene amaumba lero n'kuika mawa ndi amene amadzati simenti inali yoipa.

Bowo lisakule kuposa chikhatho chotambasula, kuti mwana wa zaka 3 asaope kugweramo. Ana ambiri amakana chimbudzi chifukwa cha bowo lalikulu ndi mdima. Chivindikiro chikhale chothina, chokhala ndi chogwirira chachitali. Phulusa lodzaza dzanja tsiku ndi tsiku limachepetsa fungo ndi ntchentche. Dzenje likatsala theka la mita kuti lidzadze, kwirirani, dzalanipo nthochi kapena papaya.

A Banda, Fíngoè:
A Jere, kuno ku Marávia malo ena mukakumba mita imodzi mwagunda mwala. Titani?

A Jere, mmisiri, Zóbuè:
Musalimbane nawo. Kumbani pofika khasu, kenako mangani m'mwamba mita imodzi ndi miyala yomweyo ndi dothi, muike masitepe. Lidzadza msanga, inde, ndiye sankhiranitu malo a lachiwiri.

Nangozo, Ulónguè:
Pali nkhani ina imene amisiri simuitchula. Mkamwini sangalowe chimbudzi chimodzi ndi apongozi ake, makamaka chitseko chikayang'ana pabwalo. Chimbudzi chilipo koma mmodzi wa iwo amapita kutchire.

A Gama, APE, Dómuè:
Zoona, ndipo kunyoza mwambo sikuthandiza. Njira yake ndi ya mmisiri: khomo liyang'ane kumbali, pakhale mpanda wa udzu wokhota kuti wolowa asaoneke, kapena banja la mkamwini likumbe chakechake. Anyakwawa akanena pa msonkhano kuti nyumba iliyonse ya banja ikhale ndi chake, manyazi amatha chifukwa lasanduka lamulo la mudzi.

Tsopano nkhuku. Izi anthu sakonda kumva. Ofufuza ku Zimbabwe anakhala m'makomo kuyang'anitsitsa ana okwawa, ndipo anaona ena akudya dothi ngakhale zitosi zenizeni za nkhuku. Zitosi zimakhala ndi tizilombo totsegula m'mimba monga Campylobacter. Mwana wotere mwina satsegula tsiku lililonse, koma matumbo ake amakhala otupa m'kati, chakudya sichilowa bwino m'thupi, ndipo amapinimbira ngakhale akudya.

A Maseko, mlimi, Angónia:
Achimwene, nkhuku za kumudzi sizingatsekeredwe. Zidya chiyani? Gaga yemweyo tikulimbirana ndi nkhumba. Ndipo usiku zikagona panja akuba ndi afisi atha nazo. N'chifukwa chake zimagona m'nyumba.

A Gama, APE, Dómuè:
Sindikunena kuti muzitsekere masana, abambo. Zitatu zokha. Choyamba, usiku zisagone chipinda chimodzi ndi mwana. Khola lokwezeka m'mwamba limangidwe pafupi ndi zenera lanu kuti muzimva, likhale ndi chitseko chomangika. Chachiwiri, chakudya chawo muziwazira kutali ndi khonde, chifukwa nkhuku imachita pomwe imadyera. Amayi akamapeta kapena kusinja pakhonde, nkhuku zimasonkhana pomwe pali mwana. Chachitatu, sesani kawiri, m'mawa ndi masana, musanakhazike mwana pansi, ndipo akhale pa mphasa kapena thumba lochapidwa.

Ndinenenso chilungamo: kafukufuku wamkulu wa ku Zimbabwe komweko anagawa zimbudzi, sopo, mankhwala a madzi ndi mphasa zosewererapo, koma kupinimbira sikunachepe ndi zimenezo. Chimene chinathandizako ndi chakudya chabwino cha ana. Ine ndimamva kuti ukhondo wa theka sukwanira pamene ziweto zili ponseponse, ndipo uyenera kuyenda limodzi ndi phala la nsinjiro, dzira, nyemba ndi masamba.

Dotolo wa ziweto, Ulónguè:
Ndiwonjezere za nkhumba, poti kuno ku Angónia zilipo zambiri ndipo chilimwe zimamasulidwa. Nkhumba yoyendayenda imadya chimbudzi cha anthu, n'kutenga mazira a njoka ya m'mimba yotchedwa Taenia solium. Ndiyo imachititsa timatuza toyera ngati mpunga mu nyama. Munthu akadya nyama yotere yosapsa amakhala ndi njokayo m'matumbo, ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu wina kudzera m'manja osasamba, timatuza tija tingakhazikike mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Vutoli ofufuza analipeza ndithu m'boma lino. Choncho chitseko cha chimbudzi chizitsekeka kuti nkhumba isalowe, ndipo khola likhale kumunsi kwa nyumba kuti madzi a mvula asakokolere ndowe pabwalo.

Nagama, mphunzitsi, Moatize:
Za kusamba m'manja aliyense amadziwa nyimbo yake, ana a sukulu amaimba. Koma mipondagiya yambiri ili gwa, youma. Chimavuta n'chiyani?

A Jere, mmisiri, Zóbuè:
Imamangidwa kuti alendo aone, osati kuti igwire ntchito. Yolimba imafuna izi: kachigubu ka malita 5, mphanda ziwiri za mtengo wosadyedwa ndi chiswe kapena zowaula kumunsi, mtanda wodutsa pa chogwirira, chingwe kuchoka pakhosi pa chigubu kufika pa kamtengo kopondapo kotalika mita imodzi. Bowo boolani ndi msomali wamoto, laling'ono, cha kumtunda pansi pa chivindikiro. Likakula madzi amatha ndi anthu atatu. Pansi kumbani kadzenje mudzazemo timiyala, apo ayi pasanduka matope ndipo nkhumba zifika. Sopo mboolereni pakati, mumangirire chingwe, mumuvindikire ndi kachitini kozondotsa chifukwa cha mvula ndi mbuzi. Pulasitiki amaphulika ndi dzuwa la kuno ku Tete, ndiye muike pamthunzi. Ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake ndi kuthiramo madzi m'mawa uliwonse.

Anamwino Naphiri, Furancungo:
Ndipo umodzi sukwana. Wa pa chimbudzi umathandiza wotuluka m'chimbudzi, koma mayi amasintha thewera m'nyumba n'kupita kukaphika. Wachiwiri ukhale pa khomo la khitchini. Nthawi zake ndi izi: mukachoka kuchimbudzi, mukamsintha mwana, musanaphike, musanamdyetse kapena kumuyamwitsa. Manja a mwana yemwe asambitsidwe asanadye, chifukwa ndi amene amakhala pansi tsiku lonse. Mlezi wake, kamtsikana ka zaka 8 kaja, nakonso kaphunzitsidwe, pakuti ndi amene amamdyetsa amake ali kumunda.

Sopo akavuta, sungunulani sopo waufa wokwana magalamu 30, supuni zazikulu ziwiri kapena zitatu, mu botolo la madzi la lita imodzi ndi theka, boolani chivindikiro. Limakhalitsa ndipo palibe amene angalitenge kukachapira. Popanda zonsezi phulusa loyera la pamoto ndi labwino kuposa madzi okha. Pakani masekondi 20, pakati pa zala ndi m'zikhadabo.

Beseni limodzi losambamo onse musanadye nsima lija, womaliza amakhala mwana, ndipo amasamba litsiro la onse. Thiriranani ndi jagi. Ulemu wake ndi womwewo, wamkulu amayambabe.

Nankhoma, Tsangano:
Juni ndi Julaye kuno kumazizira moti madzi amaluma zala. Anthu amangonyowetsa nsonga. Kuika kachigubu pafupi ndi moto m'khitchini kumathandiza.

A Mbewe, komiti ya madzi, Macanga:
Pa madzi, anthu amakhulupirira kuti a pa mjigo ndi abwino basi. Amatuluka abwino, amaipa panjira ndi m'nyumba. Masamba oika pa ndowa kuti madzi asatayike, zala zolowa m'ndowa potula, chikho chimodzi chomwera ndi kutungira. Chigubu cha malita 20 cha kukamwa kothina ndi chabwino chifukwa dzanja silingalowemo. Koma chizitsukidwa m'kati sabata iliyonse ndi sopo ndi timiyala tosalala, kugwedeza mpaka ndere zitachoka. Amene amasunga mu mtsuko akhale ndi chivindikiro ndi chikho cha mpini wautali chopachikidwa pa msomali, chotungira chokha.

Certeza, mankhwala a klorini othira m'madzi akumwa, tsatani muyeso wolembedwa pa botolo, thirani ndi chivindikiro chake, gwedezani, dikirani mphindi 30. Zolakwika zimene zimachitika: kumwa nthawi yomweyo, kuthira m'madzi a matope, ndi kusunga botolo padzuwa kapena kupitirira tsiku lake mpaka mphamvu itatha. Madzi akakhala ofiira, adikheni kaye, tsanulani a pamwamba, sefani ndi nsalu yoyera yopinda kangapo, kenako mankhwala.

Pa mjigo pomwepo, simenti yozungulira ikang'ambika madzi oipa amabwerera pansi. Matani msanga, ngalande ikathere m'dzenje la miyala, ndipo mangani mpanda kuti ng'ombe zisafike. Mjigo wa Afridev ukayamba kufuna kupopa kambiri madzi asanatuluke, ndi timphira ta m'kati tatha, ndipo n'totchipa. Komiti ikazengereza mpaka utafa, mudzi wonse umabwerera ku mtsinje. Zikakula, nkhani imapita ku SDPI, ofesi ya boma lanu yoona za zomangamanga.

Anamwino Naphiri, Furancungo:
A Mbewe, ndiwonjezere chimodzi. Klorini amapha tizilombo ta kolera ndi tambiri, koma pali kena kotchedwa Cryptosporidium kamene sikafa naye msanga, ndipo kamavutitsa kwambiri ana osakwana zaka 2. Choncho madzi akumwa a mwana ndi bwino kuwiritsa. Safuna ambiri, lita imodzi ikwana tsiku. Abwate kwa mphindi imodzi yathunthu pa moto womwe mwaphikira phala, azizire mu poto yemweyo wovindikira.

Koma izi ndi za mwana amene wakwanitsa miyezi 6. Wosakwana asamwe madzi konse, ngakhale mu Okutobala kukutentha. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira. Mzuwa, dawale, madzi a shuga, zonsezi ndi khomo lolowera matenda. Ndikudziwa kuti amene amapereka ndi agogo chifukwa cha chikondi, n'chifukwa chake uphungu usamapite kwa mayi yekha. Mtsikana wa mwana woyamba sangatsutse amake kapena apongozi ake. Aitanidwe agogowo ku sikelo amve okha.

Nangozo, Ulónguè:
Nanga phala? Nkhuni n'zovuta, mayi sangaphike kanayi pa tsiku.

A Gama, APE, Dómuè:
Phala la m'mawa likakhala kupitirira maola awiri kunja kukutentha, tizilombo timaswana ngakhale likuoneka bwino ndipo silikununkha. Siliyenera kutayidwa ayi. Livindikireni, ndipo pomupatsanso libwererenso pamoto mpaka litabwata lonse, osati kungofunditsa. Kufunditsa ndiye koipa kwambiri. Pakulirani mwana pang'ono m'kambale kake, chotsala m'kambalemo asadyenso madzulo chifukwa mwalowa malovu ndi zala. Poziziritsa takasani ndi supuni, musaviikemo chala.

Botolo la nsonga ya mphira lisiyeni. Silitsukika popanda kuwiritsa, ndipo limagwa pansi kambirimbiri. Kapu yopanda chivindikiro imatsukika mosavuta. Mbale ziume pa thandala lokwera kufika m'chiuno, padzuwa, pomwe galu ndi nkhuku sizifika. Kupukuta ndi nsalu yomwe ija ya pamapewa kumabwezera litsiro.

Nagama, mphunzitsi, Moatize:
Chigumula cha namondwe wotchedwa Ana mu Januwale 2022, chija chinagwetsa mlatho wa Revúbuè, chinasiya zimbudzi zambiri zitasefukira, ndipo mu 2023 kolera inafika m'chigawo chino. Madzi akasefukira choncho banja la khanda liyambe ndi chiyani?

A Mbewe, komiti ya madzi, Macanga:
Chitsime chilichonse chimene chalowa madzi osefukira muchitenge ngati choipa, ngakhale madzi ataoneka oyera. Onse akumwa athiridwe mankhwala kapena awiritsidwe. Mwana asakhale pansi pa matope otsala, akhale kumsana kapena pa mphasa pamalo okwera. Kumbani kangalande kakang'ono kumtunda kogwiritsa ntchito ngati chimbudzi mongoyembekezera, kukwirira ndi dothi nthawi iliyonse, mpaka chimbudzi chitakonzedwa.

Anamwino Naphiri, Furancungo:
Ndipo ngakhale mutasamala chotani, tsiku lina mwana adzatsegula. Katemera wa rotavirus analowa m'dziko muno mu 2015, ndi wa madontho m'kamwa, pa miyezi 2 ndi 3. Onani pa khadi ngati analandira onse awiri. Akatsegula, paketi imodzi ya SRO, mankhwala obwezera madzi m'thupi, isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi abwino, osati theka la paketi mu kapu, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza. Mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100, kotala mpaka theka la kapu, nthawi iliyonse akachita chimbudzi, pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza dikirani mphindi 10, yambaninso. Zinki amwe masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegula kutasiya pa tsiku lachitatu: mamiligalamu 20 pa tsiku, theka lake kwa wosakwana miyezi 6. A APE amakhala nazo zonsezi. Bere lisasiyidwe, ayamwe kuposa kale.

Liwombo likalowa m'kati, si la kumata mankhwala pamutu. Ndi chizindikiro choti madzi atha m'thupi. Zizindikiro zina zoopsa ndi maso olowa, kulephera kuyamwa, kusanza chilichonse, magazi m'chimbudzi, kufooka kosadzuka, kapena kutentha thupi. Pamenepo nyamukani usiku womwewo, mukumumwetsa panjira. Mawu oti ndi mano akumera achedwetsa ana ambiri.

A Maseko, mlimi, Angónia:
Paketi ikasowa, ya shuga ndi mchere ija muyeso wake ndi uti? Ndipo yotsala ingagone?

Anamwino Naphiri, Furancungo:
Lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, theka la supuni yaing'ono ya mchere. Lawani, isawawe mchere kuposa misozi. Ndi yongothandizira popita kukapeza paketi. Yosungunula kale, kaya ya paketi kaya yapakhomo, ikhale yovindikira ndipo ikatha maola 24 itayidwe, mupange ina. Botolo la lita imodzi lopimira lisungidwe padera, lotsuka, kuti usiku musayambe kufunafuna.